Kodi waya wa 2.5 amanyamula ma amp angati?

Pa zaka zimene ndakhala ndikulumikiza magetsi m'nyumba za mu Harare muno, funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri, makamaka ndi abale athu a ku Mbare, Mufakose ndi Highfield amene akumanga kanyumba kuseri kwa nyumba yaikulu, ndi lakuti waya wa 2.5 amanyamula ma amp angati. Wofunsa amakhala atamva kale manambala osiyanasiyana: mlamu wake amene anagwirako ntchito ku Johannesburg anamuuza 20, mphwake wa ku Leeds anamuuza 27, ndipo wogulitsa wina anamutsimikizira kuti 30 si vuto. Kupatula wogulitsayo, enawo sananame. Nambala iliyonse inachokera m'buku lake, ndipo buku lililonse linali kunena za waya woikidwa mwanjira yake.

Nambala yolembedwa pa waya, monga 1.5, 2.5, 4 kapena 6, imanena kukula kwa mkuwa wa m'kati mukaudula n'kuyang'ana nkhope yake, ndipo muyeso wake ndi mm². Magetsi akamadutsa mu mkuwawo amaubweretsera kutentha, ndipo kutenthako kumakwera mofulumira kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa ma amp akachuluka kawiri kutentha kumachuluka kanayi. Mkuwa pawokha umapirira kwambiri. Chofooka ndi pulasitiki yaukuta. Ya mtundu wa PVC, imene ili m'nyumba zathu zambiri, imaloledwa kufika madigiri 70 basi, pamene ya XLPE imafika 90. Choncho tikamati waya amanyamula ma amp akutiakuti, tikutanthauza kuchuluka kwa magetsi kumene kungadutse tsiku lonse popanda pulasitikiyo kupyola malire ake, ndipo zimenezi zimadalira kuti kutenthako kuli ndi kothawira kapena ayi.

Malamulo a ku Britain, otchedwa BS 7671, amene ambiri a ife tinaphunzirira ntchito, amasonyeza mfundoyi momveka bwino. Waya wa 2.5 wa PVC wokhomeredwa poyera pakhoma, pamene mpweya ukumuwomba, amapatsidwa ma amp 27. Mawaya awiri a kukula komweko akalowetsedwa mu paipi yapakhoma amatsikira pa 24. Waya yemweyo akadutsa pamwamba pa siling'i n'kufunditsidwa ndi zoteteza kutentha zokhuthala kupitirira mamilimita 100 amatsala ndi 17, ndipo akakwiririka ndi zotetezazo mbali zonse amangotsala ndi 13.5, theka lenileni la nambala yoyamba ija. Mkuwa ndi womwewo, mtengo umene munalipira ndi womwewo, chasintha ndi malo okha.

Pali chinthu china chimene ife a kuno tiyenera kuchisamala kuposa anzathu a ku Ulaya. Manambala onsewa anawerengedwa poganiza kuti mpweya wozungulira waya uli pa madigiri 30. Aliyense amene anakwerapo m'denga la malata masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti m'menemo mumatentha kuposa pamenepo. Pa madigiri 40 nambala ya PVC imachulukitsidwa ndi 0.87, pa 45 ndi 0.79, pa 50 ndi 0.71. Komanso mawaya a madera awiri, ndiko kuti njira ziwiri zosiyana zochokera pa bokosi la magetsi, akapanikizana mu paipi imodzi amatenthetsana, ndipo timachulukitsanso ndi 0.8; akakhala madera atatu, ndi 0.7. Titenge waya wa 2.5 wa mu paipi uja, wa ma amp 24: m'denga la madigiri 40 watsala ndi pafupifupi 21, ndipo ngati ali ndi mnzake m'paipimo watsala ndi 16.7. Giza, thanki yotenthetsera madzi, ya 3 kW imakoka pafupifupi ma amp 13 pa mavoti 230, kotero ikwanabe, koma breaker ya 20, switchi yodula magetsi yokha akapitirira ma amp 20, pa waya ameneyu yakula kale. Ntchito ya breaker ndi kuteteza waya, choncho siyenera kuposa zimene wayayo angathe pamalo pamene wagona. Ndimadandaula ndikapeza kuti mwininyumba, atatopa ndi breaker yogwaigwa, anaichotsa n'kuikapo ya 32 waya ali yemweyo, chifukwa tsopano chimene chidzayambe kugonja ndi pulasitiki ya m'denga, kumene palibe akuona.

Nanga kusiyana kwa mayiko kumachokera pati? Matebulo a ku Britain amagwirizana kwambiri ndi a IEC 60364, malamulo a padziko lonse amene mayiko ambiri amatengerako. Kusiyana kwakukulu kuli pa kalumikizidwe. Ku Britain masoketi kawirikawiri amalumikizidwa mozungulira, waya wa 2.5 kuchoka pa bokosi la ma breaker n'kubwereranso pomwepo, kotero kuti magetsi amayenda njira ziwiri ndipo breaker ya 32 imaloledwa. Pulagi iliyonse ilinso ndi fyuzi yakeyake yosapitirira ma amp 13. Ku South Africa, kumene amatsata SANS 10142-1, waya amachoka pa bokosi n'kukathera pa soketi yomaliza osabwerera, ndipo wa 2.5 nthawi zambiri amatetezedwa ndi breaker ya 20. Ngozi imabwera munthu akatenga breaker ya 32 ya ku Britain n'kuiika pa kalumikizidwe ka ku South Africa. Muno zimenezi sizivuta kuchitika, popeza zipangizo zathu zambiri zimadutsa pa Beitbridge kuchokera ku South Africa pamene nyumba zakale zinalumikizidwa mwachingerezi, ndipo sizachilendo kupeza mapulagi a mano amakona ndi a mano obulungira m'nyumba imodzi. Za ku America ndingozitchula mwachidule: iwo amayeza ndi AWG, nambala ikamachepa waya akukula, ndipo 12 AWG, amene ndi 3.31 mm², amamuika pa ma amp 20. Musamufanizire ndi 2.5 wathu.

Omanga kanyumba ka kuseri ali ndi vuto linanso, la mtunda. Waya wa 2.5 amataya mamilivoti 18 pa amp iliyonse pa mita iliyonse (mamilivoti 1,000 ndi voti imodzi). Kanyumba kali mamita 40 kuchokera pa bokosi, kakukoka ma amp 20, kataya mavoti 14.4 panjira, pamene malire ovomerezeka a masoketi ndi 5 pa 100 alionse, ndiko kuti mavoti 11.5 pa 230. Wayayo sangapse, koma firiji imavutika poyamba kulira ndipo pampu ya pachitsime imatentha. Wa 4 pa mtunda womwewo amataya mavoti 8.8 okha, ndipo ndi amene ndimalangiza ngakhale ali wokwera mtengo.

Kuzimazima kwa magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya muno mu Zimbabwe, kwachititsa kuti mabanja ambiri aike sola, ndipo kumeneko ndiko ndimaona zolakwa zoopsa kwambiri masiku ano. Anthu amaganiza kuti popeza batire ili ndi mavoti ochepa, waya wowonda akwana, pamene mavoti akachepa ma amp amachuluka. Inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ya 3 kW ya mavoti 24 ikamagwira ntchito mokwanira imakoka ma amp oposa 125 kuchokera ku batire, pamene waya wa 16 mu paipi amapatsidwa 76 okha. Onjezerani apo kuti mawaya ena otsika mtengo ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa kunja, ndipo aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 pa 100 poyerekeza ndi mkuwa, kotero matebulo onse ndatchulawa sakumukhudza. Musanalipire, pemphani wogulitsa akuduleni kachidutswa, mupale nsonga yake ndi mpeni: ikayera ngati siliva m'kati, musagule.