Osewera akachoka sikuti basi kochi ndi wankhanza

Zaka ndi zaka tikungomva zomwezomwezi, akuti atsikana atatu anayi akachoka mu timu ya basketball ya pa koleji ku America ndiye kuti kochi wawo ndi wankhanza. Ayi abale, zafika potopetsa.

Kale wosewera akasintha sukulu nthawi zambiri ankakhala chaka chathunthu osasewera, nde ambiri ankangopirira ngakhale zinthu zisakuwayendera. Mu 2018 kunabwera transfer portal, mndandanda wa pa intaneti wa osewera ofuna kusintha sukulu, kenako kuyambira 2021 munthu akasamuka koyamba anayamba kuloledwa kusewera sizoni yomweyo, ndipo chaka chomwecho osewera analoledwanso kupanga ndalama pogwiritsa ntchito dzina lawo potsatsa malonda, nde kusamuka kunachuluka pafupifupi paliponse ngakhale m'matimu owina. Komanso timu imatha kukhala ndi osewera 15 koma mubwalo mumalowa asanu okha, gemu yake mphindi 40, mwana wa eni wathera sizoni yonse pa benchi kumangoomba m'manja, angalekerenji kukasaka mwayi kwina? Ena amaliza digiri akufuna masters, ena angofuna kuyandikira kwawo.

Makochi ozunza alipo, zimenezo sitikukana, koma nambala yokha ya ochoka singakuuzeni zimenezo. Tsegulani webusaiti ya timuyo muone mphindi zomwe wochokayo ankasewera komanso anali chaka chachingati, muyerekeze ndi matimu ena sizoni yomweyo, kenako mufufuze zomwe mwini wake wanena yekha osati zija za "ndamva kwa wina wa mkati". Ngati simunafufuze chonde musafowade, dzina mukuipitsalo ndi la munthu.