Reform Club: Kumene Ndale za London Zinkaphikidwira

Pa msewu wa Pall Mall mumzinda wa London, pa nambala 104, pali chinyumba cha miyala chotchedwa Reform Club. Masiku ano ndi malo odyera ndi kuchezerako anthu olipira umembala, koma chinamangidwa chifukwa cha mavoti.

M'chaka cha 1832 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inavomereza lamulo losintha kayendetsedwe ka zisankho. Matauni a mafakitale monga Manchester ndi Birmingham anapatsidwa aphungu awoawo, ndipo timadera ta anthu ochepa kwambiri tomwe tinkatumiza aphungu tinalandidwa mipando. Ovota anachulukirako, ngakhale amuna osauka ndi amayi onse anatsala kunja. Chinthu chimene ambiri sachilabadira n'chakuti lamuloli linabweretsa kaundula wa ovota. Wosalembedwa sankavota. Tsono panafunika anthu olondola mayina, otsutsa mayina a mbali inayo, osonkhetsa ndalama ndi osaka oimira chipani. Nthawiyo zipani zinalibe likulu kapena maofesi monga tikuzidziwira lero.

A chipani cha Tory, omwe ankadana ndi lamuloli, ndiwo anayamba kuchangamuka. Chaka chomwecho cha 1832 anakhazikitsa Carlton Club. Ochirikiza kusintha ataona kuti akutsala m'mbuyo, anayambitsa yawo, Reform Club (mawu oti reform amatanthauza kusintha), mu 1836, motsogozedwa ndi Edward Ellice, phungu wa Coventry. Kwa zaka zambiri makalabu awiriwa anali oyandikana khomo pa msewu womwewo, adani pa ndale koma akuonana tsiku ndi tsiku.

Malowo sanasankhidwe mwachisawawa. Kuchokera pa Pall Mall munthu amadutsa paki ya St James's wapansi n'kufika ku Nyumba ya Malamulo ku Westminster. Nyumba yachifumu ya St James's ili kumapeto kwa msewuwo. Ndi msewu umene unayamba kuwala ndi nyale za gasi kale mu 1807. Phungu wochokera kutali, wopanda banja mu London, ankasowa podyera, powerengera nyuzipepala ndi pomvera mphekesera. Kalabu inkamupatsa zonsezi, iye n'kumapereka khutu kwa akuluakulu a chipani.

Nyumba ya Reform Club anaijambula ndi Charles Barry, yemwenso anajambula Nyumba ya Malamulo yatsopano yakale itapsa mu 1834. Anatengera mamangidwe a nyumba za akalonga a ku Italy, ndipo inatsegulidwa mu 1841. Pakati pake pali bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi nsanamira, denga lake lagalasi, moti woima pakhonde la m'mwamba amaona aliyense wolowa ndi amene akunong'onezana naye.

Ine chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi khitchini. Mkulu wa ophika anali Mfalansa, Alexis Soyer, amene anaikamo mbaula za gasi pamene anthu ambiri ankaphikirabe malasha, ndipo alendo ankabwera kudzangoona khitchiniyo. Tsiku lolonga ufumu Mfumukazi Victoria mu 1838 anakonzera anthu 2,000 chakudya cham'mawa. Soyer yemweyo mu 1847 anapita ku Dublin kukaphikira supu anthu ovutika ndi njala ya ku Ireland. Atsogoleri ankadziwa kuti phungu wodya bwino pakhomo pawo sapita kukadya kwa adani.

Mphamvu za kalabuyi pa ndale zinazilala chipani cha Liberal, chomwe mamembala ake ambiri ankachichirikiza, chitagawikana mu 1886 pa nkhani yoti Ireland idzilamulire. Carlton inakhalabe yamphamvu: msonkhano wa pa 19 Okutobala 1922 m'nyumba yake ndi umene unagwetsa boma la mgwirizano la nduna yaikulu David Lloyd George. Bomba la Ajeremani linaphwasula nyumbayo mu 1940, ndipo kalabuyo inasamukira ku St James's Street.

Chimandiwawa n'chakuti kalabu yonyamula dzina la kusintha inadikira mpaka 1981 kuti ilandire amayi ngati mamembala, pomwe amayi ena ku Britain anayamba kuvota mu 1918. Ngakhale zinali choncho, inatsogolabe makalabu akale anzake. Carlton inawapatsa umembala wathunthu mu 2008.