Mutu sukupweteka, koma BP yakwera

"Ine ndili bwinobwino a sista, mutu sundipweteka." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndine namwino, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuyendera makampani muno mu Lusaka, kuyambira m'maofesi a mu Cairo Road mpaka m'mafakitale, pa tsiku la zaumoyo la antchito. Timaika tebulo, makina a BP, koyezera shuga ndi sikelo. Anthu amakanganirana masikipa aulere, kudumphadumpha pang'ono pabwalo, koma tebulo lathulo amalilambalala ngati pansi pake pali njoka.

BP siodira pakhomo. Ambiri amene magazi awo akuthamanga mopitirira muyezo samva chilichonse, uku mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2017 anapeza kuti muno mu Zambia, pa akuluakulu asanu alionse, pafupifupi mmodzi BP yake ndi yokwera. Tikakuyezani masiku osiyana n'kumapezabe 140/90 kapena kuposa, vuto lilipo, kaya mutu ukupweteka kaya ayi. Ubwino woyezetsa kuntchito ndi womwewu: makina akupezani muli pantchito, simunataye tsiku pamzere wa kukiliniki, simunalipire basi.

Pali bambo ena amene sindiwaiwala. Anali dalaivala wa lole, akwathu kummawa, zaka za m'ma 40, nthabwala zosatha. Ndinawayeza, 186/114. Ndinawakhazika pamthunzi, n'kuyezanso. Chimodzimodzi. Ndinalemba kalata n'kuwauza kuti, "Bambo, lero lomwe mupite kuchipatala, osati mawa." Anaseka. "Katundu akundidikira ku Kitwe, mwanawe, ndikabwerako ndipita."

Sanapite. Mnzawo wina anawalozera kwa munthu wogulitsa mabotolo pa WhatsApp, amene amati mankhwala ake amatsuka magazi. Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Anthu amenewa masiku ano amalowa ndi m'maofesi momwe, atavala malaya oyera, atanyamula kamakina koti ukagwira ndi dzanja kamaona matenda onse a m'thupi. Ndi bodza. Kachitsulo kogwira m'manja sikangaone chiwindi chanu, ndipo matenda amene kamapeza ndi omwe mwiniwakeyo ali ndi botolo lake m'chikwama. Mufunseni ngati mankhwalawo analembetsedwa ku ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, muone m'mene asinthire nkhani. Adyo, mandimu ndi chammwamba idyani, ndi zakudya, koma sizingalowe m'malo mwa mankhwala a BP monga amlodipine. Ndipo mukayamba mankhwala musasiye poti BP yatsika. Yatsika chifukwa cha mankhwala omwewo.

Ena amathawa tebulo lathu poopa kuti abwana adziwa n'kuwachotsa ntchito. Mantha amenewa ndimawamvetsa, ntchito ikusowa. Zotsatira zanu ndi zanu. Kwa abwana timangopereka chiwerengero cha onse popanda maina. Ngati oyezawo akulemba dzina lanu papepala lopita ku ofesi ya olemba ntchito, funsani chifukwa chake musanatambasule mkono.

Nanunso mabwana, tsiku limodzi pachaka ndi zithunzi za pa Facebook sizichiritsa munthu. Wapezeka ndi BP kapena shuga mumpatse mpata wopita kukiliniki osamudula malipiro. Mwezi ndi mwezi wantchito amadulidwa 1 peresenti ya inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, inunso mumaika 1 peresenti, nanga aigwiritsa ntchito liti ngati chilolezo simupereka? Pitaninso kukhitchini mukalawe ndiwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, koma m'makantini ena nyemba za masana zokha zimachita kuwawa mchere.

Chaka chotsatira nditabwerera kukampani kuja, ndinafunsa za bambo aja. Anandiuza kuti anagwa m'mawa wina akukonzekera ulendo, ndipo anagonekedwa kuchipatala chachikulu cha UTH. Sitiroko. Ndinakawaona kunyumba kwawo ku Chawama. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira, mawu amatuluka movutikira, nthabwala zija amangoziyamba osazimaliza. Amayi akunyumba anatulutsa kalata yanga ija m'kachikwama ka laisensi, ili chipindire, zolemba zanga zikuoneka bwinobwino.

Chimandivuta n'chakuti tsiku lija galimoto ya kampani inali pabwalo pomwepo. Ndikanapita kwa woyang'anira wawo n'kunena kuti munthuyu sakuyenera kuyendetsa lero, koma ndinaopa kuulula za thanzi lawo iwo asanavomere, ndipo nambala yawo ya foni sindinatenge. Pano aliyense amene wafika 180/110 sindimusiya achoke patebulo tisanagwirizane yemwe amuperekeze kuchipatala, ndipo pakatha sabata ndimamuimbira.