Chimfine Chilibe Mankhwala Ochiza: Kodi Makampani Amachita Dala?

June akafika kuno ku Dedza, chifunga chikaphimba phiri, minibasi iliyonse yochokera ku Lizulu sisowa munthu woyetsemula, mawindo onse ali chitsekere. Funso nalo limabwera chaka ndi chaka: anthu amene anapanga ma ARV, amene anapanga katemera wa Covid-19 chaka chisanathe, akukanika bwanji chimfine? Ambiri amati ndi dala, makampani akufuna tizingogula Panado ndi mankhwala a chifuwa mpaka kalekale. Ndalama zilipo ndithu pa nkhaniyi, koma si pamene anthu amaloza.

Chimfine sichibwera ndi kachilombo kamodzi. Mavairasi ochiyambitsa ndi oposa 200, ndipo gulu lalikulu, la rhinovirus, lili ndi mitundu pafupifupi 160 palokha. Thupi likagonjetsa mtundu umodzi limausunga nkhope, koma wobwera mwezi wamawa amakhala mlendo. N'chifukwa chake wamkulu amadwala chimfine kawiri kapena katatu pachaka, mwana wamng'ono ngakhale ka 6 kapena 8. Katemera wa chikuku amagwira bwino chifukwa mdani wake ndi mmodzi, wa poliyo amalimbana ndi mitundu itatu yokha. Nanga 160?

Anthu anayesa. Ku Salisbury, m'dziko la England, boma linatsegula malo ofufuzira chimfine otchedwa Common Cold Unit mu 1946. Anthu ankadzipereka kukagona kumeneko masiku 10, n'kumawadonthezera mavairasi m'mphuno kuti adwale madokotala akuona. Ntchitoyi inayenda zaka zoposa 40. Mu 1965 David Tyrrell ndi anzake anapezako kachilombo ka m'gulu la coronavirus, koma malowo anatsekedwa mankhwala ochiza asanapezeke. Awa sanali amalonda, analibe Panado woti ateteze.

Amalonda nawo anayesa. Kampani ya ViroPharma ku America inabweretsa mankhwala a pleconaril, amene ankafupikitsa chimfine ndi tsiku limodzi basi. Mu 2002 bungwe la FDA, lomwe limavomereza mankhwala ku America, linawakana, ndipo chifukwa chimodzi chinali chakuti ankasokoneza mapiritsi olera. Taganizani mayi wa ku Bembeke kutenga mimba yosakonzekera pofuna kuti mamina aleke Lachinayi m'malo mwa Lachisanu.

Zoti kampani ikapeza mankhwala ochiziratu imawabisa sizikumveka. Mu 2013 kampani ya Gilead inatulutsa sofosbuvir, wochiza matenda a chiwindi a hepatitis C, n'kumagulitsa madola 84,000 pa munthu mmodzi ku America. Sinabise, inalemera nawo. Wopeza mankhwala a chimfine angalemere koposa, ndipo kampani ina ikabisa, mnzake wa ku India kapena ku China sangaidikire.

Pamene ndalama zimalowa ndi apa. Chimfine chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10, ndipo chimavuta kwambiri tsiku lachiwiri ndi lachitatu, pomwe munthu amayamba kufuna mankhwala vairasi itaswana kale. Mankhwala ake ayenera kukhala otchipa, ogwira mitundu yambiri, osavulaza ngakhale pang'ono, chifukwa palibe angalole chiopsezo pa matenda osapha. Kuwayesa kumadya ndalama zambiri, choncho makampani ambiri amakathira ndalama zawo kwina. Khalidwe lomweli limatipweteka kwambiri pa matenda a anthu osauka: katemera wa malungo amene Malawi anayamba kupereka kwa ana mu April 2019 anatenga zaka zoposa 30 kuti atheke. Ngati pali pokwiyira, ine ndingakwiyire pamenepo.

Koma amene akudyerera chimfine chanu ali pafupi kuposa America. Pa msika, pakati pa sopo ndi mabatire, pamakhala kathumba ka makapisozi a amoxicillin ndi mapiritsi a Bactrim, ogulitsidwa awiriawiri, atawombedwa ndi dzuwa. Munthu amagula anayi, amamwa, pakatha masiku atatu akupeza bwino, n'kutamanda makapisoziwo. Akanachira ngakhale osamwa. Mankhwala amenewa amapha mabakiteriya, vairasi saikhudza n'komwe. Chimene amachita n'kuphunzitsa mabakiteriya a m'thupi kupima mankhwala, ndipo tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni, amoxicillin yemweyo akhoza kukanika. Mamina achikasu kapena obiriwira si chizindikiro choti mukufunika makapisozi, chimfine chimatero chikamapsa.

Chothandiza n'kupuma ndi kumwa madzi ambiri, tiyi wa mandimu kapena phala lotentha. Panado amachepetsa mutu ndi kuphwanya kwa thupi, koma musapyole mlingo, ndipo onani paketi chifukwa mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol, yemweyo wa mu Panado, m'kati. Uchi umafewetsa chifuwa, koma osapatsa mwana wosakwana chaka. Aspirin asapatsidwe kwa ana. Khanda lipitirize kuyamwa, ndipo ngati mphuno zatseka, zipukuteni lisanayamwe. Mukafukiza ndi masamba a bulugamu, ana atalikire beseni la madzi owira.

Kuzizira pakokha sikubala chimfine, koma kumatiunjika m'nyumba zotseka momwe tizilombo timadutsana mosavuta. Sambani m'manja ndi sopo, yetsemulirani pachigongono, tsegulani zenera ngakhale pang'ono. Mbaula isagone m'chipinda chotseka: utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Pali nthawi imene si chimfine wamba. Mwana akatentha thupi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Muvuleni malaya ali phee, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu: kufika ka 50 kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5, n'kupuma mothamanga, ndipo chikhoza kukhala chibayo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamapuma, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena sakudzuka bwino, musadikire kuche. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, ndi ulendo wa kuchipatala basi. Kwa akuluakulu, kubanika, kupweteka pachifuwa kapena kudwala kopitirira masiku 10 kukufuna dokotala, makamaka okalamba, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi HIV, shuga kapena mphumu. Chifuwa chikakwana masabata awiri, kapena chikabwera ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, kaperekeni makhololo ayeze TB. Kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma.