Aikoni ya gemu yanu musaiweruzire pa laputopu

Sabata siitha m'magulu athu a WhatsApp a Amalawi opanga mapulogalamu kuno ku Johannesburg osaona wina ataponya chithunzi chodzaza sikirini yonse n'kufunsa kuti, "Akuluakulu, aikoni ya gemu yanga ikuoneka bwanji?" Anthu n'kumuombera m'manja. Funso limeneli landitopetsa, chifukwa palibe wosewera amene adzaione aikoniyo, kachithunzi koimira gemu m'sitolo ya mapulogalamu ndi pafoni, ili yaikulu choncho. Google Play imafuna fayilo ya mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 512 x 512, App Store ya Apple imafuna 1024 x 1024, koma kukula kumeneko n'kongotumizira. Munthu amene mukumufunayo adzaiona ili ngati chikhadabo cha chala chachikulu, itapanikizika pakati pa magemu ena, pa foni ya itel kapena Mobicel yong'aluka galasi, atachepetsa kuwala kuti batire ifike madzulo, ali pamzere wa takisi pa Bree dzuwa lili paliwombo. Chala chake chikungotsetsereka. Akaphethira kamodzi, mwadutsidwa.

Choncho yesani aikoni pamalo pomwe idzakhale. Ichepetseni ifike mapikiselo 48 x 48. Tsegulani Play Store, sakani mawu omwe wosewera angasake, monga "block puzzle" kapena "match 3", jambulani sikiriniyo, muchotse aikoni ya gemu imodzi n'kuikapo yanu. Pangani zithunzi ziwiri, china sitolo ili yoyera, china ili yakuda, poti anthu ambiri mafoni awo amawasiya pa dark mode ndipo aikoni ya m'mbali mwakuda imamira pamenepo. Tumizani zithunzizo pa foni yotchipa kwambiri yomwe mungaipeze, tulukani nayo panja masana, muiyang'ane mutatambasula mkono. Kenako chotsani mitundu yonse, chithunzi chitsale chotuwa. Ngati chinthu chachikulu chasowa m'chotuwamo, ndiye kuti chimasiyana ndi kumbuyo kwake pa mtundu wokha, osati pa kuwala ndi mdima. Magemu a mapazo (puzzle) amalakwa kwambiri apa: timiyala tofiira ndi tobiriwira towala mofanana. Pali amuna ambiri amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi, ndipo padzuwa la kuno tonsefe timafanana nawo.

Mukatero pezani anthu asanu kapena khumi omwe gemuyo sanaionepo. Asakhale akazi anu, asakhale mlamu, amenewo adzakukomerani mtima. Muonetseni munthu foniyo kamphindi, muitembenuze, mumufunse zinthu ziwiri: waona chiyani, ndipo mu gemu imeneyi akuganiza kuti amachitamo chiyani? Musamufunse ngati ili yokongola. Akati "ndi yolumikiza zipatso" pamene yanu ndi yolongedza mabokosi, aikoniyo yalephera ngakhale itakhala yonyezimira bwanji.

Pali gemu ina imene mpaka lero imandiwawa mumtima. Anyamata awiri anatenga nzeru ya bawo n'kupangamo pazo: kufesa nkhomo m'maenje mpaka bolodi itayera ndi mayendedwe owerengeka. Gemu yabwino zedi, yoti munthu ukaiyamba sufuna kuisiya. Pa aikoni anaikapo bawo lonse, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, maenje 32, ndi nkhomo zake, mtundu wa thabwa ndi mtundu wa nkhomo zonse zofiirira. Pa laputopu chinali chithunzi chonyaditsa, mpaka mitsempha ya thabwa imaoneka. Pa mapikiselo 48 dzenje lililonse limatsala ndi mapikiselo osakwana asanu ndi limodzi, ndipo chonsecho chimaoneka ngati njerwa. Munthu wa ku Ntcheu sakanazindikira kuti ndi bawo, nanga Mzulu kapena munthu wa ku Brazil? Chofunika chinali maenje awiri okha, akuluakulu, thabwa lakuda, nkhomo zitatu zowala, imodzi ili m'malere kugwera m'dzenje lachiwiri. Diso likanaona chinthu chikuyenda n'kumvetsa kuti pano pamaponyedwa kanthu. Anauzidwa gemu isanatuluke. Iwo anati aitulutsa kaye, adzakonza pambuyo. Masabata oyamba, pamene anzawo ankaifalitsa ndipo ndalama yochepa yotsatsira inali ikugwira ntchito, anthu ankafika patsamba la gemu n'kubwerera. Pomadzasintha aikoniyo n'kuti ndalama itatha, chidwi chitazizira, ndipo amene anawajambulira aikoniyo atasowa ndi mafayilo ake. Cholakwa cha tsiku limodzi la ntchito chinadya chaka chonse cha kugona mochedwa.

Mawu pa aikoni achotseni. Dzina la gemu limalembedwa kale pambali pake, ndipo Google Play imakupatsani zilembo 30 za dzinalo. Kulibwereza m'kachithunzi n'kuwononga malo, komanso silingawerengeke. Mawu ngati "Free", "No. 1" kapena "Best" ndi oletsedwa ndithu pa aikoni ndi pa dzina kuyambira 2021. Musazungulize ngodya nokha ndipo musaike mthunzi kunja. Tumizani chithunzi cha ngodya zinayi chodzaza, Google Play imadula yokha. Mukadula nokha pamatsala timizere tonyansa m'makona. Ya Apple isakhale ndi malo oonetsa za kuseri ngati galasi (transparent). Ndipo kumbukirani kuti aikoni ya m'sitolo ndi ya pafoni ndi mafayilo awiri osiyana. Kuchokera pa Android 8.0, ya pafoni imakhala ya magawo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, 108 x 108 dp (muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya Android), koma malo otsimikizika kuti sadulidwa ndi bwalo la 66 dp pakati. Foni ina imadula mozungulira, ina mwa ngodya zofewa. Chilichonse chofunika chikhale m'bwalolo. Ya m'sitolo ndi ya pafoni zifanane, kuti amene watsitsa gemu aipeze pa foni yake mawa.

Za nkhope: ambiri amaika kanyama kakukamwa yasa chifukwa aona magemu akuluakulu akutero. Ngati kanyamako kali m'gemu ndipo wosewera adzakumana nako mphindi yoyamba, kaikeni, koma pambali pake paoneke kachidutswa ka pazo. Ngati mulibe, musaname. Mu 2020 bungwe loyang'anira zotsatsa ku Britain, ASA, linaletsa zotsatsa zina za Homescapes ndi Gardenscapes chifukwa zinkaonetsa masewera osolola timapini omwe sanali mbali yaikulu ya magemuwo. Kampani yaikulu imapirira zotere. Inu munthu akatsitsa gemu ndi bandulo yake yomwe waigula movutikira n'kupeza zina, amaifufuta nthawi yomweyo n'kukusiyirani nyenyezi imodzi.

Gemu ikatuluka, Play Console, tsamba loyendetsera gemu yanu pa Google Play, ili ndi Store listing experiments, yaulere, yomwe imakulolani kupikisanitsa aikoni yomwe ilipo ndi zina mpaka zitatu. Apple ili ndi yake, Product Page Optimization, koma kumeneko maaikoni oyeserawo ayenera kukhala kale mkati mwa pulogalamu yomwe munatumiza, ndiye konzekerani msanga. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: mtundu wa kumbuyo wokha, kapena chinthu chapakati chokha. Mukasintha zonse limodzi simudziwa chomwe chathandiza. Musaimitse masiku 7 asanakwane, chifukwa anthu a Lachiwiri ndi a Loweruka satsitsa mofanana, ndipo musangoyang'ana otsitsa, onaninso amene gemuyo anaisunga. Koma ndinene mosabisa: ngati patsamba lanu pamafika anthu ochepa patsiku, kuyesaku sikudzakupatsani yankho lodalirika, kusiyana komwe mudzaone ndi mwayi chabe. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ndi ya gemu isanatuluke. Amene muli ndi akaunti yatsopano ya munthu payekha, Google imakukakamizani kale kukhala ndi oyesa 12 kwa masiku 14. Anthu amenewo, asanatsitse gemu, aonetseni aikoni n'kuwafunsa mafunso awiri aja.

Tsopano akamberembere. Achuluka pa Facebook ndi m'magulu momwemu, odzitcha akatswiri okweza mapulogalamu. Wina akakuuzani kuti aikoni ilibe ntchito, iye akubweretserani otsitsa masauzande ndi nyenyezi zisanu pa mtengo wakutiwakuti, thawani. Otsitsawo ndi makina, sasewera, ndipo kugula ndemanga kumaphwanya malamulo a sitolo. Google ikatseka akaunti sikutaya madola 25 olembetsera aja okha, imakanizanso maakaunti ena omwe yawaona kuti ndi anu. Wina amakupangirani aikoni usiku umodzi pa mtengo wa kota, buledi wa tchipisi wa kuno uja, koma maswiti ake wawasolola mu Candy Crush Saga n'kungosintha mtundu. Dandaulo la eni chithunzi likafika, gemu yochotsedwa ndi yanu, iye foni wazimitsa. Musanalipire ndalama yomaliza, landirani fayilo yoyambirira yokhala ndi magawo ake onse, ya Photoshop, Figma kapena GIMP, muitsegule nokha. Mulembane, ngakhale tsamba limodzi, kuti chithunzicho wajambula yekha ndipo tsopano ndi chanu. Chiikeni mu Google Lens muone ngati chilipo kale kwina. Ndipo pasiwedi ya Play Console musapatse munthu. Ngati akufunikadi kulowa, muitaneni ndi imelo yake, mumpatse chilolezo chosintha tsamba la gemu chokha, ntchito ikatha mumuchotse tsiku lomwelo.