Ngongole inatha, anthu anatopa: kugwa kwa Nicolae Ceaușescu

Masana a pa 21 Disembala 1989, Nicolae Ceaușescu, mtsogoleri wa dziko la Romania, anaima pakhonde la likulu la chipani cha chikomyunizimu mumzinda wa Bucharest, ndipo pabwalo panali khamu la anthu omwe anatengedwa m'mafakitale ndi m'maofesi kuti adzamuwombere m'manja monga mwa masiku onse. Atangolankhula mphindi zochepa, kumbuyo kwa khamulo kunabuka phokoso, anthu akukuwiza, ena akutchula dzina la mzinda wa Timișoara, komwe asilikali anali atawombera anthu masiku ochepa m'mbuyomo. Kanema wa tsikulo ndimauonetsa kwa ophunzira anga a mbiri chaka ndi chaka, ndipo ndimawapempha kuti ayang'anitsitse nkhope ya mkuluyo: mawu akumuthera m'kamwa, dzanja lili m'mwamba ngati munthu woletsa mvula, mkazi wake Elena akukalipira anthu kuti akhale chete. Wailesi ya kanema inadula chithunzicho, koma dziko linali litaona kale kuti munthu amene analamulira Romania zaka 24 naye amadziwa mantha. Pasanathe maola 24 anathawa, ndipo patapita masiku anayi anaphedwa.

Chimene chinamugwetsa, m'kuona kwanga, ndi chinthu chomwecho chimene iye ankanyadira koposa, ndicho kubweza ngongole ya dziko. Atatenga utsogoleri wa chipani mu 1965, Ceaușescu anakondedwa ndi maiko a azungu chifukwa chosagwadira Soviet Union, makamaka mu 1968 pamene anadzudzula poyera kulowa kwa asilikali a Soviet Union ndi anzawo m'dziko la Czechoslovakia. Richard Nixon anamuchezera mu 1969, ndipo mu 1978 anagona ku Buckingham Palace ngati mlendo wa Mfumukazi Elizabeth II. Ubale umenewu unatsegula zitseko za mabanki. Romania inakongola ndalama zambiri zomangira mafakitale a zitsulo ndi oyengera mafuta, koma mitengo ya mafuta itakwera mu 1979 mafakitalewo anasanduka mtolo, ndipo pofika 1981 ngongole yakunja inali itapitirira madola 10 biliyoni.

Pokana kulamulidwa ndi omukongoza, Ceaușescu anagamula kuti ngongole yonse ibwezedwe mwachangu, zivute zitani. Ndalamazo zinachokera pamimba za anthu. Nyama, tirigu ndi zipatso zabwino zinkagulitsidwa kunja, pamene eni dziko ankagula buledi, shuga ndi mafuta ophikira mwa muyezo, ataonetsa khadi. Agogo opuma pantchito ankadzuka kusanache kukaima pamzere kunja kwa sitolo, kathumba kali m'manja, asakudziwa ngati galimoto ibweretsa kanthu tsiku limenelo. Magetsi ankazimitsidwa pafupipafupi, ndipo m'dziko limene madzi amaundana m'nyengo yozizira, mabanja ankagona atavala majasi chifukwa boma linachepetsa moto wotenthetsera nyumba. Kuyambira mu 1985 wailesi ya kanema inkaulutsa maola awiri okha patsiku, ndipo gawo lalikulu la maolawo linali lotamanda mtsogoleri ndi mkazi wake. Lamulo la mu 1966 loletsa kuchotsa pakati linapitirirabe kugwira ntchito ngakhale chakudya chinali chosowa, motero amayi zikwizikwi anafa pochotsa pakati mobisa, ndipo ana ambirimbiri anasiyidwa m'nyumba za boma zosungira ana amasiye momwe munali uve ndi njala.

M'zaka zomwezo, mu 1984, anayamba kumanga chinyumba chachikulu chotchedwa Casa Poporului, kutanthauza Nyumba ya Anthu, atagwetsa midadada yakale ya Bucharest, matchalitchi ndi nyumba za anthu pafupifupi 40,000.

Ophunzira amandifunsa kuti kodi munthuyu sankaona mavutowa. Yankho lagona pa momwe ulamuliro wake unkayendera. Apolisi achinsinsi otchedwa Securitate anali ndi akazitape m'mafakitale, m'masukulu ndi m'matchalitchi, moti munthu sankakhulupirira ngakhale mnansi wake, ndipo kuyambira mu 1983 aliyense wokhala ndi taipi ankayenera kukailembetsa kupolisi kuti kalata yodzudzula boma izidziwika kochokera. Achikulire a kwathu kuno amene anakhalapo m'masiku a chipani chimodzi akudziwa kulankhula kotsitsa mawu, maso ali kuchitseko. Koma mantha amenewa ankatsekanso makutu a mwini wake. Akuluakulu a zigawo ankakweza ziwerengero za zokolola poopa kuchotsedwa ntchito, masitolo ankadzazidwa katundu tsiku limene iye akudutsa, ndipo mipando yofunika inali m'manja mwa mkazi wake, abale ake ndi mwana wake Nicu. Mutu umodzi susenza denga, koma apa denga la dziko lonse linali pamutu wa banja limodzi limene linkangomva zimene likufuna kumva.

Machenjezo analipo. Pa 15 Novembala 1987 antchito a pafakitale yopanga malole ku Brașov, atadulidwa malipiro, anaguba mpaka kulikulu la chipani mumzindawo n'kuponya pansi zithunzi za mtsogoleri. Ambiri anamangidwa. Mu Malichi 1989 akuluakulu asanu ndi mmodzi akale a chipani analemba kalata yomudzudzula, yomwe inawerengedwa pa BBC ndi pa Radio Free Europe. Mwezi wotsatira Ceaușescu analengeza kuti ngongole yatha, koma anthu amene ankayembekezera kupumula anaona mizere ili chimodzimodzi. Apa ndi pamene ndimaona kuti chingwe chinaduka, pakuti chifukwa chimene ankapatsidwa chovutikira chinali chitachoka, koma mavuto anatsala. Mu Novembala, khoma la Berlin lomwe linkalekanitsa mbali yachikomyunizimu ya mzindawo ndi yakumadzulo litagwa kale, chipani chinamusankhanso popanda wotsutsa.

Moto unayambira pakhomo la mbusa. László Tőkés, wa mpingo wa Reformed ku Timișoara, analamulidwa kusamuka chifukwa chodzudzula boma, ndipo pa 15 Disembala akhristu ake anazinga nyumba yake kuti asatengedwe. Tsiku lotsatira anthu odutsa anaphatikana nawo, ndipo nkhani inasiya kukhala ya mbusa n'kukhala ya buledi ndi ufulu. Pa 17 Disembala asilikali anawombera anthu. Mitembo pafupifupi 40 inabedwa kuchipatala usiku, n'kukawotchedwa ku Bucharest kuti umboni usowe. Ceaușescu, poganiza kuti nkhani yatha, ananyamuka ulendo wa ku Iran pa 18 Disembala, ndipo atabwerako anaitanitsa msonkhano uja wa pakhonde, pomwe anayesa kutonthoza khamu polonjeza kuwonjezera malipiro otsikitsitsa ndi malei 200 (lei inali ndalama ya dzikolo).

Khamu lokha silikanamuchotsa, pakuti usiku umenewo anthu enanso anawomberedwa pakati pa Bucharest. Zinthu zinatembenuka m'mawa wa pa 22 Disembala pamene boma linalengeza kuti nduna ya zachitetezo, Vasile Milea, inali yopandukira dziko ndipo yadzipha. Asilikali, ambiri mwa iwo anyamata ochokera m'mabanja omwewo oima pamizere, anasiya kumvera lamulo lowombera, ndipo anthu anakwera pa akasinja akufuula kuti asilikali ali nawo limodzi. Cha m'ma 12 koloko masana Ceaușescu ndi Elena anakwera helikopita padenga la likulu la chipani, koma madzulo omwewo anagwidwa mumzinda wa Târgoviște.

Zimene zinatsatira zimandipweteka mtima kuziphunzitsa. Pa 25 Disembala, tsiku la Khirisimasi, awiriwa anazengedwa mlandu m'kachipinda ka kumalo a asilikali kwa pafupifupi ola limodzi, akuimbidwa mlandu wopha anthu 60,000, chiwerengero chomwe sichinali choona, ndipo anawomberedwa nthawi yomweyo popanda mwayi wa apilo. Munthu amene akanafunsidwa kuti atchule omwe ankalamula nawo anatsekedwa pakamwa, ndipo amene anamutseka anali anthu a m'chipani ndi m'gulu la nkhondo lomwelo. Mwa anthu oposa 1,100 omwe anafa m'chipwirikiticho, ochuluka kwambiri anafa iye atathawa kale, pa kuwomberana ndi adani omwe boma latsopano linkangowatchula kuti zigawenga. Ion Iliescu, yemwe kale anali mkulu m'chipani cha Ceaușescu, anatenga utsogoleri n'kupambana chisankho cha mu Meyi 1990 ndi mavoti pafupifupi 85 pa 100 alionse, ndipo mwezi wotsatira antchito a m'migodi anabweretsedwa ku Bucharest kudzamenya ophunzira omwe ankachita zionetsero pabwalo la yunivesite. Mabanja a anthu omwe anaphedwa pa 22 Disembala ndi masiku otsatirawo anatha zaka zoposa 30 akuyendera makhoti, akufunsa kuti anawombera ana awo ndani.