Angerezi oyamba ku America sanali a Mayflower

Ambiri amaganiza kuti Angerezi oyamba kukhazikika ku America anali othawa mazunzo a chipembedzo, amene anafika ku Plymouth pa chombo cha Mayflower mu 1620. Si zoona. Mudzi wa Angerezi wa Jamestown ku Virginia unayamba mu 1607, ndipo unakhazikitsidwa ndi kampani yofuna phindu, Virginia Company. Amuna ndi anyamata 104 anafika maso ali pa golide. Anamanga pamalo a dambo, madzi ake amchere, chimanga n'kumadalira anthu a Powhatan, eni nthaka. Ubale utasokonekera, njala ya 1609 mpaka 1610 inasiya anthu pafupifupi 60 okha. Ankadya akavalo, agalu, ngakhale makoswe. Chinadzawapatsa chuma ndi fodya amene mmodzi wa Angereziwo, John Rolfe, anayamba kulima mu 1612. Chondiwawa n'chakuti fodyayo anakula ndi thukuta la akapolo: anthu ogwidwa ku Angola anafikitsidwa ku Virginia mu 1619.